Kodi mumadziwa? Foni, sewero ndi mowa pakati pa Ahisipaniki a ku America

Kodi mumadziwa kuti matsire alibe dzina limodzi m'Chisipanishi? Ku Mexico amati cruda, ku Guatemala ndi ku El Salvador amati goma, ku Colombia amati guayabo, ku Ecuador chuchaqui, ku Venezuela ratón, pomwe ku Spain amati resaca. Mutu womwe ukuwawawo ndi umodzi, koma mayina ndi ambirimbiri. Wopanga pulogalamu ya pa foni yothandiza anthu kusiya mowa akasankha dzina lakwina, wodwala amadziwa nthawi yomweyo kuti amene akumuyankhulayo si wakwawo, ndipo zakukhosi sazitulutsa. Nkhani yonse ya lero yagona pamenepa.

Kodi mumadziwa kuti kalembera wa 2020 anapeza Ahisipaniki okwana 62.1 miliyoni m'dziko la United States? Ndiye kuti pafupifupi anthu 19 mwa 100 alionse. Awa ndi anthu amene iwo kapena makolo awo anachokera ku mayiko oyankhula Chisipanishi. Pafupifupi asanu ndi mmodzi mwa khumi alionse mizu yawo ili ku Mexico, ndipo otsatira ndi a ku Puerto Rico. Anthu oposa 40 miliyoni m'dzikolo amayankhula Chisipanishi pakhomo.

Dzina lakuti Hispanic si lakale. Boma la America linayamba kuligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970, ndipo kalembera wa 1980 ndi amene anayamba kufunsa aliyense funso limeneli. Ndi dengu limene boma linaluka n'kuponyamo anthu a mayiko pafupifupi makumi awiri.

Kodi mumadziwa kuti Ahisipaniki amene salawa n'komwe mowa ndi ambiri poyerekeza ndi azungu a m'dzikolo? Bungwe la boma lofufuza za mowa la NIAAA lakhala likunena zimenezi. Koma limawonjeza kuti mwa iwo amene amamwa, ambiri akakhala pansi amamwa wochuluka nthawi imodzi. Tsono vuto si kuchuluka kwa omwa ayi, koma kamwedwe kake: sabata yonse pa ntchito ya zomangamanga kapena m'munda wa zipatso osakhudza botolo, Loweruka n'kumwa wa sabata yonse usiku umodzi.

Mu 2006 gulu la Raul Caetano linafunsa anthu oposa 5,000 m'mizinda ya Miami, New York, Philadelphia, Houston ndi Los Angeles. Kafukufukuyu anamutcha HABLAS, mawu amene m'Chisipanishi amatanthauza kuti ukuyankhula. Anapeza kuti amuna ochokera ku Mexico ndi ku Puerto Rico ndi amene uchidakwa unawagwira kwambiri, pomwe ochokera ku Cuba anali m'munsi. Amene amati Ahisipaniki onse ndi amodzi, manambala amenewa amamutsutsa.

Kodi mumadziwa kuti obadwira ku America amakodwa mu uchidakwa kuposa makolo awo amene anachita kusamukirako? Makolowo anafika opanda kanthu, chinenero osachidziwa, ntchito zowawa, komabe ofufuza amapeza mobwerezabwereza kuti iwo ndi amene ali bwinoko. Kwa amayi kusinthaku n'koonekeratu: mayi akamazolowera moyo wa ku America, mpata woti ayambe kumwa umakula, chifukwa mwambo wakwawo umene unkamuletsa umayamba kumasuka.

Chiwindi nacho chili ndi nkhani yake. Mu 2008 ofufuza a ku Dallas, m'chigawo cha Texas, anapeza kuti kachidutswa kena ka chibadwa kotchedwa PNPLA3 kali ndi mtundu umene umachititsa kuti mafuta aunjikane m'chiwindi, ndipo mtundu umenewu umapezeka kwambiri mwa Ahisipaniki kuposa mwa azungu kapena anthu akuda a ku America. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti mtundu womwewo umakulitsa ngozi ya matenda a chiwindi obwera ndi mowa. Anthu awiri akhoza kumwa mofanana, wina chiwindi n'kutha msanga. Amuna achihisipaniki ali m'gulu la amene matenda ouma chiwindi amawapha kwambiri m'dzikolo.

José Alfredo Jiménez, mmodzi mwa opeka nyimbo okondedwa kwambiri ku Mexico, amene nyimbo zake zambiri zimakamba za malo omwera mowa ndi mtima wosweka, anamwalira mu 1973 ali ndi zaka 47. Chinamutenga ndi chiwindi. Nyimbo zake zikuimbidwabe pa maukwati mpaka lero.

Kodi mumadziwa kuti "botolo limodzi" si muyeso? Ku America, chakumwa chimodzi choyezera chimakhala ndi magalamu 14 a mowa weniweni, omwe ndi ofanana ndi mamililita 355 a mowa wamba kapena mamililita 44 a mowa waukali ngati tequila. Koma botolo lalikulu la ku Mexico, lomwe amalitcha caguama potengera dzina la kamba wa m'nyanja, limalowa mamililita 940. Bambo akauza dokotala kuti anamwa awiri okha, sakunama, koma pa muyeso wa chipatala wamwa pafupifupi zisanu. Zisanu m'maola awiri ndiye malire amene akatswiri amati mwamuna wamwa mopyola, ndipo kwa mayi ndi zinayi. N'chifukwa chake pulogalamu yopangidwa mwanzeru imaonetsa zithunzi za mabotolo ndi matambula omwe anthuwo amawadziwa, m'malo mongofunsa nambala.

Kuyambira 2013, buku la madokotala a matenda a maganizo ku America lili ndi zizindikiro 11 za matenda a uchidakwa. Ziwiri kapena zitatu m'chaka chimodzi ndiye kuti vuto layamba, zinayi kapena zisanu lakula, zisanu ndi chimodzi kapena kuposa lafika povuta. Mwa zizindikirozo muli chibaba cha mowa, kulephera kuchepetsa ngakhale ukufuna, ndi kupitiriza kumwa pamene banja likupasuka.

Mafunso khumi a AUDIT, amene bungwe la WHO linatulutsa mu 1989 poyezera kamwedwe koopsa, anayesedwa koyamba m'mayiko asanu ndi limodzi. Mexico inali m'gululo, Kenya nayonso.

Kodi mumadziwa kuti mwa anthu khumi odwala uchidakwa ku America, amene amalandira chithandizo m'chaka sakwana ndi mmodzi yemwe? Izi zili choncho m'dziko limene bungwe la boma loona za matenda la CDC linawerengera kuti m'zaka za 2020 ndi 2021 mowa unkapha anthu pafupifupi 178,000 pachaka. Kwa Mhisipaniki mpanda wake ndi wautali kuposa apa. Opanda inshuwalansi ya chipatala pakati pawo ndi ochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi azungu. Kafukufuku wa bungwe la akatswiri a zamaganizo mu 2015 anapeza kuti asanu kapena asanu ndi mmodzi okha mwa akatswiri 100 alionse ndi amene angathandize wodwala m'Chisipanishi. Onjezanipo ntchito yolipidwa pa ola, yomwe ukajomba kupita kwa phungu ndiye kuti tsiku limenelo sunapate kanthu. Onjezanipo mantha a wopanda mapepala, amene amaona ofesi iliyonse yolemba mayina ngati msampha. Pomaliza pali chimene iwo amati el qué dirán, kutanthauza kuti anthu adzati chiyani. Mawu amenewa ife sitifunika kuwamasulira kawiri.

Foni yokha ndi imene ili kale m'thumba. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2021 kuti Mhisipaniki wamkulu mmodzi mwa anayi alionse amadalira foni ya m'manja yokha kuti alowe pa intaneti, alibe intaneti ya m'nyumba. Pulogalamu yofuna kompyuta yaikulu ndiye kuti yasiya kunja anthu omwe akuifuna kwambiri.

Kodi mumadziwa kuti imodzi mwa njira za pa kompyuta zothandiza kusiya zoledzeretsa zimene zayesedwa bwino kwambiri inachokera ku yunivesite ya Yale, mumzinda wa New Haven m'chigawo cha Connecticut? Kathleen Carroll, amene anamwalira mu 2020, ndi gulu lake anapanga pulogalamu yotchedwa CBT4CBT, ndipo zotsatira zake zoyamba zinasindikizidwa mu 2008. Imaphunzitsa maluso m'magawo asanu ndi awiri. Ena mwa iwo ndi kuzindikira chimene chimakuputa kuti umwe, kupirira chibaba mpaka chidutse, kukana ukapatsidwa, kuthetsa mavuto mwadongosolo, kugwira maganizo onyenga asanakugwetse, ndiponso kuona tizisankho tooneka tating'ono timene timakufikitsa pakhomo la bala, monga kusintha njira yobwerera kunyumba popanda chifukwa chomveka. Wophunzira amaonera kanema wa munthu ali pa mayesero n'kugwa, kenaka amaoneranso munthu yemweyo pa malo omwewo akugwiritsa ntchito luso lija. Pambuyo pake pamabwera mafunso ndi ntchito yokachita kunyumba.

Pofuna kuifikitsa kwa oyankhula Chisipanishi, Manuel Paris ndi anzake a pa Yale pomwepo sanangomasulira mawu. Anaiumbanso kukhala telenovela, sewero la pa kanema lopitirira, la mtundu womwe uja ambiri a ife timautsatira pa Telemundo madzulo. Analukiramo zinthu zimene anthuwo amaziona zazikulu pa moyo: familismo, kuika banja patsogolo, respeto, ulemu, confianza, kukhulupirirana, personalismo, kufuna kudziwana ndi munthu kaye musanakambe za ntchito. Anakhudzanso machismo, chamuna chodzionetsera, pamodzi ndi mnzake wabwino caballerismo, umuna wosamala banja ndi kusunga mawu.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti panali nzeru zenizeni, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Buku la uphungu lolembedwa ku America limaphunzitsa kukana motere: muyang'ane m'maso wokupatsayo, kana mwachidule, usapepese, ukaona kuti akukakamira choka. Tayerekezani tsopano bambo wa ku Michoacán, m'dziko la Mexico, ali pa phwando la quinceañera, mwambo wa mtsikana wokwanitsa zaka 15, ndipo amene wamutambasulira botolo ndi compadre wake, munthu amene anamuimirira mwana pa ubatizo. Kumuyang'ana m'maso n'kumukana mouma pamaso pa abale si luso ayi, ndi chipongwe, ndipo bamboyo akudziwa zimenezi bwino kuposa phungu aliyense. Akaphunzitsidwa kukana kotere adzagwedeza mutu m'chipinda cha uphungu, koma pa phwando adzalandira botolo. Chimene akusowa ndi njira yokanira mowa popanda kukana munthu: kuthokoza, kutchula ana ake kapena lonjezo limene anapanga, kupempha compadreyo kuti amuthandize kulisunga, n'kukhalabe pa phwandopo ndi chakumwa china m'manja. Luso lake ndi lomwe lija, koma lavala zovala zakwawo. Kumasulira mawu okha sikungafike pamenepa.

Zotsatira zinatuluka mu 2018 m'magazini ya American Journal of Public Health. Anthu 92 oyankhula Chisipanishi, amene ankalimbana ndi mowa, chamba kapena cocaine, anagawidwa mwamaere: ena analandira chithandizo cha masiku onse cha pa kiliniki, ena chithandizo chomwecho kuphatikizapo sewero lija kwa masabata asanu ndi atatu. A gulu lachiwirili anachepetsa kwambiri masiku ogwiritsa ntchito zoledzeretsa, ndipo phindulo linaonekabe patatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndi nkhani yolimbitsa mtima. Koma anthu 92 a dera limodzi la Connecticut, kumene Ahisipaniki ambiri mizu yawo ili ku Puerto Rico, sangayankhulire wokolola mphesa wa ku California. Dziwaninso kuti pulogalamuyo inawonjezeredwa pa chithandizo cha anthu, sinalowe m'malo mwake.

Kodi mumadziwa kuti kuphunzitsa kudzera mu telenovela kunayamba mwangozi? Mu 1969 ku Peru kunaulutsidwa sewero lotchedwa Simplemente María, la mtsikana wantchito wa m'nyumba amene anaphunzira kuwerenga ndi kusoka mpaka kutukuka. Atsikana ambiri anakalembetsa sukulu za kwacha, ndipo makina osokera a Singer anagulidwa kwambiri. Miguel Sabido wa kanema ya Televisa ku Mexico anaona zimenezi n'kuzisandutsa njira yochita kukonza, kuyambira ndi sewero la Ven Conmigo mu 1975. Njira yake inawoloka nyanja: sewero la pa wailesi la Twende na Wakati, lomwe linayamba ku Tanzania mu 1993, linatsata mapazi ake. Amene anakula akumvera Tikuferanji akudziwa mphamvu ya kuona vuto lako likuseweredwa ndi munthu wina.

Guillermo Bernal wa pa yunivesite ya Puerto Rico analemba mu 1995 zinthu zisanu ndi zitatu zoyenera kuunika posintha chithandizo kuti chigwirizane ndi chikhalidwe. Chinenero ndi chimodzi chabe. Zina ndi monga mafanizo ndi miyambi, amene akupereka chithandizo, zolinga zake, ndi moyo umene wodwala akukhalamo.

Ku Boston, Jordana Muroff wa pa Boston University anagwira ntchito ndi Casa Esperanza, malo othandizira Ahisipaniki m'dera la Roxbury, kusintha pulogalamu ya pa foni ya A-CHESS kuti ikhale ya Chisipanishi, n'kuitcha CASA-CHESS. A-CHESS inapangidwa ku yunivesite ya Wisconsin. Ili ndi batani lodina zinthu zikavuta kuti anzako adziwe msanga, ndipo imatha kukuchenjeza ukayandikira bala yomwe unkamwerako.

Kodi mumadziwa kuti si nthawi zonse pamene chithandizo chosinthidwa chimaposa chosasinthidwa? Christina Lee anayerekeza njira ziwiri za uphungu wachidule kwa Ahisipaniki omwa kwambiri, ndipo zotsatira za 2019 zinasonyeza kuti magulu onse awiri anachepetsa mowa. Njira yosinthidwa inaonetsa mphamvu yake makamaka mwa amene anali asanazolowere moyo wa ku America ndi amene ankasalidwa kwambiri. Ku Seattle, India Ornelas anayesa pulogalamu ya Vida PURA pakati pa amuna aganyu, momwe alangizi a zaumoyo a m'dera, otchedwa promotores, ankacheza nawo ali ndi tabuleti m'manja. Kumenekonso onse anachepetsa, olandira uphungu ndi ongofunsidwa mafunso omwe. Zikuoneka kuti kungofunsidwa mwaulemu, m'chinenero chako, ndi munthu wakwanu, kuti umamwa bwanji, kumagwedeza kale china chake mumtima.

Kalekale foni zisanabwere, anthu a ku Mexico anali ndi njira yawoyawo. Pa tchalitchi chachikulu cha Guadalupe mumzinda wa Mexico City pali kachisi wamng'ono wa malumbiro, kumene munthu amakalumbira pamaso pa Maria Virigo wa ku Guadalupe kuti sakhudza mowa kwa miyezi kapena chaka. Mwambowu amautcha juramento. Wolumbirayo amapatsidwa kakhadi, ndipo anzake akamukakamiza amangokatulutsa. Palibe amene amalimbana naye, chifukwa aliyense amadziwa kulemera kwa lumbiro lotere. Ansembe ena m'matchalitchi a Ahisipaniki ku America amalandiranso malumbirowa. Onani mmene kakhadiko kamathetsera vuto lija la compadre: munthu wakana botolo, ubale uli chilili.

Gulu la Alcoholics Anonymous linabadwa mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio, koma linamera mizu yakuya ku Mexico. Mu 1975 mumzinda wa Mexico City munayamba magulu otsegula usana ndi usiku, okhala ndi malo ogona otchedwa anexos. Osamukira ku America anapita nawo mwambowu, ndipo lero anexos amapezeka m'madera ngati California, kumene amalandira anthu omwe zipatala zodula sizingawalandire. Ena a malo amenewa ku Mexico akhala akudzudzulidwa chifukwa cha nkhanza kwa odwala.

Kodi mumadziwa kuti Cinco de Mayo si tsiku la ufulu wa Mexico? Ndi chikumbutso cha nkhondo ya ku Puebla ya pa 5 May 1862, pamene asilikali a Mexico anagonjetsa a France. Ku Mexico kwenikweni si tchuthi chachikulu. Makampani a mowa ndi amene analikuza ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Ogulitsa mowa anaphunzira chinenero, nyimbo ndi masiku a zikondwerero za anthuwa kale kwambiri, ochiritsa asanayambe n'komwe.

Mankhwala ovomerezeka ku America othandiza pa uchidakwa alipo atatu: disulfiram, amene ndi wakale kwambiri, naltrexone amene anavomerezedwa pa ntchitoyi mu 1994, ndi acamprosate mu 2004. Odwala amene amawalandira ndi ochepa zedi. Pulogalamu yabwino iyenera kumuuza munthu kuti mankhwalawa alipo ndi kumulozera kwa dokotala.

Chinsinsi nacho chikhoza kutuluka. Mu April 2024 bungwe la boma la FTC linachitapo kanthu pa kampani ya Monument, yothandiza anthu kusiya mowa kudzera pa intaneti, poiimba mlandu wopereka mbiri ya odwala kwa makampani otsatsa malonda ngati Meta ndi Google. Kwa munthu amene akuopa kale kuti dzina lake lingafike kwa oona za olowa ndi otuluka, nkhani imodzi yotere imakwana kuti asadzatsegulenso pulogalamu ina iliyonse. Confianza ikasweka sibwerera ndi kupepesa kwa pa foni.

Pulogalamu imathanso kufa wodwala akadali pa ulendo. Kampani ya Pear Therapeutics, yomwe pulogalamu yake ya reSET inalandira chilolezo cha bungwe la boma loona za mankhwala la FDA mu 2017, inagwa mu 2023 chifukwa cha mavuto a zachuma.

Kodi mumadziwa kuti kusiya mowa mwadzidzidzi kukhoza kupha munthu amene thupi lake linauzolowera kwambiri? Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba patangopita maola ochepa. Ena amagwa n'kumaphupha ngati akhunyu mkati mwa masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri, chomwe madokotala amachitcha delirium tremens, chimakonda kufika pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi: munthu amabwebweta, amaona zinthu zomwe palibe, mtima umathamanga, thupi limatentha. Apa sewero la pa foni silithandiza, ndiponso lumbiro la ku tchalitchi silikwanira. Bambo amene wakhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa, ayenera kuyamba waonana ndi dokotala asanataye botolo, ndipo dokotalayo kapena womasulira wake ayenera kumva Chisipanishi chake, kaya mwiniwakeyo akuti cruda kapena goma.